Mlendo Wosadetsa Thaulo

Phokoso limene ndimakumbukira kwambiri pa zaka zimenezo ndi la timatayala ta masutikesi. Panja pa simenti tinkangoti khrrr, koma tikalowa pa matailosi a m'bwalo la ndege la ku Dublin tinkayamba kuwerenga mizere: ka, ka, ka, ka. Ndinkalimva shifiti yonse nditagwira mopu, mpaka ndinafika pomudziwa munthu ndi khutu lokha. Wopita kukapuma, sutikesi yake inkalira mopepuka, ikudumphadumpha. Wopita kukafuna ntchito ku Australia kapena ku Canada, yake inkalira mozama, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka nsapato za amayi ake zikukhwekhwereza pansi. Nthawi imeneyo mabanki a ku Ireland anali atagwa, nyumba zosamaliza kumanga zili mbwee m'mbali mwa misewu, ndipo masutikesi olemerawo ndiwo anachuluka.

Yanga inali pamwamba pa kabati ku Blanchardstown, dera lina la Dublin, m'nyumba imene tinkakhala anthu asanu. Inali italira kamodzi kokha, tsiku limene ndinafika kuchokera kumudzi.

Kampani imene inatilemba ntchito yokolopa inayamba kudula maola. Kapitawo wathu ankayenda ndi pepala pa kathabwa, maso ali pansi. Tinazindikira msanga kuti malo akapezeka owala popanda munthu woimapo ndi mopu, sabata yotsatira mwini malowo maola ake ankachepa. Amene anandiunikira zimenezi anali amayi ena a ku Chipata, amene ndinkagawana nawo zimbudzi za m'mwamba.

“Iwe mwana, uzisiyako ka corner kamodzi,” ankatero. “Aziona kuti ukali kufunika.”

Sindinkasiya. Ndinkangovomera ndi mutu, iwo akatembenuka n'kukapukuta.

Tsiku lina kapitawo anandiitana n'kundiuza kuti masiku anga opuma aunjikana, ndiwatenge mwezi usanathe. Zaka zitatu ndinali ndisanapumepo. Ndinatuluka mu ofesimo ngati munthu wothamangitsidwa, ndipo amayi a ku Chipata anandipeza nditaima pafupi ndi ndowa.

“Upite ku Malaga,” anatero, akunena mzinda wina wa kunyanja kumene amalankhula Chisipanishi. “Ma ticket atchipa manje, azungu alibe ndalama. Four days chabe.”

“Kwa ndani, amayi? Kulibe amene ndikumudziwa.”

“Ati kwa ndani. Holide sapitira munthu, iwe. Upita kukagona pamchenga ngati ng'ona, ena azikugwirira ntchito. Wakolopa mapazi a ma tourist three years, nawenso ukadetseko.” Anafinya mopu wawo n'kundiloza nawo. “Ndipo ndikamva kuti wagwira tsache kumeneko, usadzandipatsenso moni.”

Iwo ankaseka, koma ankagogoda pa chilonda chimene sankachidziwa. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo sindinawaonepo. Anandilera agogo, mayi awo a mayi anga. Nyumba yawo itagwa ndi mvula, tinakhala zaka zingapo kwa achibale, miyezi ina ku Ndirande, ina ku Chirimba, ina ku Lunzu. Agogo sanali olankhulalankhula. M'mawa, eni nyumba asanadzuke, ankanditsina chala cha kuphazi. Tinkapinda mphasa, kuiimika kuseri kwa chitseko, n'kutuluka kukasesa bwalo. Eni ake akamadzuka ankapeza madzi atatungidwa, ndipo pabalaza panalibe chosonyeza kuti pagona anthu awiri. “Pamene wagona pasaoneke,” ankandinong'oneza. Nthawi ina anawonjezera kuti munthu wosadetsa sathamangitsidwa. Ndinaphunzira kukhala chete ndi kuyang'ana: mmene azakhali aikira mbale pansi, mmene amalume atsekera chitseko. Mbale ikatera mwamphamvu, ndinkadziwa kuti sabata yamawa tikulongedza.

Choncho ulendo wa ku Malaga unali mayeso. Ndinali ndi masiku anayi oti ndikhale mlendo amene sasesa. Ndinadziuza kuti ndikalephera kumeneko, kumene bedi ndalipira ndekha ndipo palibe azakhali, ndiye kuti padziko pano palibe pamene ndidzakhale pansi mtima uli m'malo.

Ndinafola kukatenga viza, n'kutsitsa sutikesi pa kabati. Ndisanakwere n'komwe ndege ndinali nditalakwa kale. Pafupi ndi chipata chokwerera, pansi pa mpando, panali kapu ya pepala. Dzanja linapita lokha. Nditaweramuka ndinaona amayi a ku Chipata kutsidya kwa galasi, atakweza mopu m'mwamba ngati mkondo.

Ku Malaga kunali dzuwa, ngakhale nyengo ya alendo inali itatha. Ndinatsika nditavala jekete la ku Dublin ndipo sindinalivule mpaka madzulo, poti sindinkadziwa poliika. Hotelo inali yaing'ono, misewu itatu kuchokera kunyanja. Bambo wina wadazi wa pa desiki yolandirira alendo anandipatsa kiyi n'kunditchula kuti bwana m'Chingerezi. Ndinacheuka kuti ndione amene akumuuza.

Nditalowa m'chipinda sindinathamangire pa zenera. Ndinapititsa chala pamwamba pa chitseko, ndipo chinabwera choyera. Ndinagwada kuseri kwa chimbudzi, pamene paipi imalowa m'khoma, malo amene wokolopa aliyense wotopa amadumpha. Panali pong'anima. Ndinaimirira n'kumupatsa ulemu mumtima munthu amene ndinali ndisanamuone. Bedi linali loyalidwa mokoka bwino kwambiri moti ndinaliopa, n'kukakhala pa mpando.

Mzindawo ndinaumaliza tsiku lomwelo. Ndinali ndi mapu osonyeza malo oyenera kuona, ndipo ndinawayenda motsatana ngati zimbudzi za pa shifiti, ndikuchonga ndi cholembera. Tchalitchi chachikulu cha nsanja imodzi, ndinachonga. Linga lakale pamwamba pa phiri ndinalikwera osapuma, n'kuyang'ana doko kuchokera pamwamba kwa nthawi yokwanira kuuma thukuta. Msika, ndinachonga. Pofika 5 koloko mapu onse anali odzaza nkhwangwa ngati kope la mwana wanzeru, ndipo kunatsala masiku atatu.

Ndinaganiza zobera nzeru kwa alendo anzanga, poti kuonerera ndilo luso langa. Ndinaona kuti mlendo weniweni amayenda ngati miyendo anabwereka. Amaima pakati pa njira n'kuyang'ana khoma popanda chifukwa. Akamwa khofi amasiya kapu pomwepo, ndi kapepala kopukutira kukamwa atakafinya, n'kunyamuka osacheuka. Ndinati ichi n'chosavuta. Ndinakhala pa tebulo lina panja, ndinamwa khofi, ndinafinya kapepala mwaluso, ndinanyamuka. Ndinayenda mapazi khumi. Msana wonse unayamba kunyerenyesa ngati pali amene akundiyang'ana. Ndinabwerera, n'kutenga kapu ndi kambale kake, n'kukapereka mkati. Woperekera zakudya anazilandira akundiyang'ana ngati ndamubwezera nsomba yowola.

Kunyanja ndinafikako dzuwa likupendeka. Mchenga wake unali wotuwa, wa timiyala. Anthu ankaotcha nsomba zonga utaka, atazitunga pa timitengo, moto atausonkha m'mabwato akale odzaza mchenga. Okalamba anali gone pa mathaulo, mimba ili poyera, osaganiza kanthu. Ine ndinaima m'mphepete nditavala nsapato ndi masokosi. Ndinayesa kuyang'ana madzi, koma maso ankangotsikira pansi, pa zotsekera mabotolo ndi zotsala za ndudu. Pobwerera ku hotelo thumba la jekete linali lodzaza.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi imene ndimadzukira masiku onse. Ndinayala bedi monga ndinalipezera, ngodya zonse zinayi. Ndinasamba ndi sopo wanga, poti wa hotelo anali wokutidwa bwino m'kapepala ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinadzipukuta ndi thaulo langa la ku Blanchardstown. Mathaulo a hotelo anali oyera mbee, opindidwa patatu, ndipo sindinaone chifukwa choti mayi wa munthu akawachape chifukwa cha ine. Bafa ndinalitsuka n'kuliumitsa ndi malaya amene ndinavala dzulo lake. Makoko a lalanje ndinawaika m'thumba kuti ndikataye mumsewu. Nditaima pakhomo n'kuyang'ana m'mbuyo, ndinanyada. Chipindacho chinali ngati simunagone munthu.

M'khonde ndinakumana ndi mwini ntchito. Anali mayi wamfupi, wa imvi zomangidwa kumbuyo, bondo limodzi atalikulunga bandeji, akukankha kangolo ka mathaulo ndi nsalu za pabedi. Ndinadzimata kukhoma kuti adutse, n'kuwapatsa moni nditawerama pang'ono, manja pamodzi. Anayankha m'chilankhulo chawo akumwetulira. Ndinatsika masitepe ndikudziuza kuti lero mayi awa apumako chipinda chimodzi, ndipo sadziwa n'komwe wowathokoza.

Tsiku limenelo ndinaliyenda mozungulira. Ndinabwereranso ku linga kukaona ngati ndinasiya kanthu. Ndinawerenga zikwangwani za nyumba zogulitsa zimene zinali pa makonde ambiri, n'kuona kuti njala ya ntchito ya ku Dublin inali itafika kuno ine ndisanafike. Ndinapempha mayi wina kuti andijambule pafupi ndi doko, kuti amayi a ku Chipata akaone umboni. Chithunzicho ndikadali nacho. Kumbuyo kuli nyanja, mabwato ndi migwalangwa, kutsogolo kuli munthu woima njo, manja m'mbali, ngati akudikira kuti amuuze poyambira.

Tsiku lachitatu ndinachita zomwezo m'mawa, mwinanso kuposa, poti ndinapukutanso galasi. Koma chakumasana dzuwa linandilaka ndipo ndinabwerera ku hotelo msanga. Ndikukwera masitepe ndinamva mawu a munthu wokalipa. Ndinasuzumira pa kona. Chitseko cha chipinda changa chinali chotsegula. Mayi wa bandeji uja anali ataima pafupi ndi kangolo kawo, ndipo patsogolo pawo panali mayi wina wovala siketi yakuda, atagwira pepala pa kathabwa.

Chisipanishi sindichidziwa ngakhale mawu khumi, koma nkhani imeneyo ndinaimva yonse. Ndinali nditaimvapo m'Chingerezi. Wa kathabwayo analoza m'chipinda, analoza thumba la zochapa, anagogoda pepala ndi cholembera. Analowa n'kutuluka ndi kasopo kosatsegula kaja, n'kukaonetsa m'mwamba. Mayi wa bandeji ankatambasula manja, akuloza bedi, akuloza maso awo, ngati akulumbira kuti analowa ndipo anaona. Winayo anapukusa mutu n'kulemba kanthu.

Munthu wolimba mtima akanatulukira pomwepo. Ine ndinachita zimene ndimadziwa: ndinabwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kukhala pa sitepe, mpaka mawu atatha. Kenako ndinatsikira pa desiki ngati ndikungofika kumene.

Bambo wadazi uja ndiye anayamba, m'Chingerezi.

“Bwana, chipinda chili bwino? Amayi okonza aja akumabwera?”

“Akumabwera.”

“Ndafunsa chifukwa m'chipinda chanu simunatuluke thaulo ngakhale limodzi. Nsalu ya pabedi ayi, zinyalala ayi. Abwana athu akuganiza kuti amayiwa akumangotsegula chitseko n'kutseka.” Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. “Chaka chatha analipo atatu. Pano atsala okha, ndipo abwana akuti mwina theka la tsiku lingakwane.”

“Ndine,” ndinatero. “Ndimayala ndekha.”

“Chifukwa?”

“Ndinazolowera.”

“Pepani pofunsa, bwana. Mumasamba?”

“Ndimasamba.”

“Mumadzipukuta ndi chiyani?”

“Ndinabwera ndi langa.”

Anavula magalasi n'kudzisisita m'maso. Ankaoneka ngati munthu amene waona alendo akuswa mabedi, akuba mapilo, akusanza m'masinki, koma mtundu uwu unali wachilendo.

“Ndiwauza,” anatero. “Koma sakhulupirira za pakamwa, amakhulupirira thumba la zochapa. Mawa ndi tsiku lanu lomaliza. Chonde, bwana, detsaniko.”

Madzulo amenewo ndinakhala pa benchi moyang'ana doko. Ine ndemwe, wokolopa wa zaka zitatu, wodziwa bwino zimene kapitawo amaganiza akaona malo oyera okha, ndinali nditafika m'dziko la eni n'kuyamba kumudyera mnzanga ntchito ndi ulemu wanga. Ndinkati ndikumupeputsira katundu. Zoona zake sindinkaganiza za iye n'komwe. Ndinkabisa mphasa kuti asandithamangitse m'chipinda chimene ndinalipira.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinadzuka ndi cholinga. Ndege inali ya usiku, ndipo bambo wadazi anali atandilola kusunga kiyi mpaka madzulo. Ndinatsika pabedi n'kudzigwira manja kumbuyo kuti ndisaliyale. Ndinatenga thaulo limodzi la hotelo n'kuliponya pansi. Linagwa lili chipindire. Ndinalitambasula n'kuliponyanso, koma linaoneka loipa kwambiri moti ndinaliwongola ndi phazi kuti lilingane ndi mzere wa matailosi. Ndinakoka nsalu ya pabedi mbali imodzi, kenako ndinaona kuti mbali inayo yatsalira, n'kuikokanso chimodzimodzi. Pilo ndinamupendeketsa pang'ono. Makoko a lalanje ndinawaika m'bini limodzilimodzi, atasanjikizana ngati mbale. Nditamaliza thukuta linali kamukamu, ndipo chipinda chinkaoneka ngati chayalidwa m'njira ina yatsopano.

Ndili chiimire choncho, panamveka kugogoda. Ndinatsegula. Anali mayi wa bandeji. Bambo wadazi ayenera kuti anali atawauza, chifukwa sanamwetulire. Anasiya kangolo pakhomo n'kulowa, manja m'chiuno. Anayang'ana bedi. Anayang'ana thaulo lolingana ndi matailosi. Anasuzumira m'bini n'kukhala nthawi akuyang'ana makoko aja. Kenako anayang'ana ine.

Ndinafuna kupepesa, koma ndinalibe chilankhulo. Ndinangodziloza pachifuwa n'kuchita ngati ndikukolopa. Iwo anagwira dzanja langa n'kulitembenuza. Anaona zikang'a m'munsi mwa zala, ndi khungu long'ambika ndi mankhwala otsukira zimbudzi. Anatambasula lawo pambali pa langa. Anali manja a ntchito imodzi. Anatulutsa mpweya m'mphuno, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka.

Atatha kuseka anandikankhira pambali n'kundiphunzitsa. Anagwira nsalu ya pabedi pakati n'kuizula yonse ndi dzanja limodzi, n'kuiunjika kumiyendo. Pilo mmodzi anamumenya chibakera, winayo anamuponya pansi pa mpando. Anatola thaulo lija, kulinyowetsa m'sinki, n'kuliponya pakona kuti phwa. Kasopo anakang'amba pepala ndi mano n'kukagwetsera m'bafa. Pa chilichonse ankanditembenukira n'kunena liwu limodzi lomwelo, chala chili m'mwamba, monga amachitira aphunzitsi ndi mwana wobwereza kalasi. Ndinkavomera ndi mutu. Anandiloza thaulo lachiwiri. Ndinalitenga, ndinalinyowetsa, ndinatsinzina, n'kuliponya. Linatera pa chimbudzi, theka likulendewera. Anapendeketsa dzanja uku ndi uku, kusonyeza kuti zayambako.

Kenako anawerama kuti atole nsalu ya pabedi ija, bondo la bandeji ataliwongola, ndipo ine osaganiza ndinagwira ngodya inayo kuti tipinde awiri. Anandimenya pa dzanja. Sanamenye mwamphamvu, koma zinamveka. Ndinasiya n'kubisa manja m'matumba.

Anaiponyanso nsaluyo pabedi, osaipinda. Anatulutsa mutu pakhomo n'kuyang'ana m'khonde, kumene kunkamveka nsapato za mayi wa kathabwa uja m'munsi mwa masitepe. Analoza chipinda chonse, analoza maso awo, analoza kumasitepe, ndipo ndinamva: azisiya chonchi kaye kuti abwana adzaone okha. Analoza wotchi yawo n'kuzunguza chala, kusonyeza kuti abweranso. Kenako analoza nsapato zanga ndi masokosi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

Anapita pa kangolo n'kufukula pansi penipeni, pansi pa zoyera zonse. Anatulutsa thaulo lalikulu la mizere yachikasu, losuluka, la mtundu umene okalamba aja ankagonera pamchenga. Anandikhazika nalo m'manja, n'kukanikiza kuti ndiligwire bwino. Analoza pa zenera, kumene kachidutswa ka nyanja kankaoneka pakati pa nyumba ziwiri, n'kuika manja awiri pa tsaya ngati munthu wogona. Atatero anagwira kangolo kawo n'kukakankhira ku chipinda chotsatira, akutsimphina, osacheuka.